Kuchokera ku Usisya kukafika ku Ruarwe wapansi: yambani mwaphunzira kuwerenga miyala

Munthu wokhala ku Mzuzu akalakalaka nyanja amakwera minibasi pa depoti, n'kutsetsereka makilomita pafupifupi 47 kudzera ku Kaning'ina ndi pa Mpamba mpaka ku Nkhata Bay. Akadya batala ndi kondowole, n'kusambako pa Chikale, madzulo wabwerera. Zimenezo n'zabwino ndithu, koma nyanja imene waonayo ndi ya pakhomo chabe. Kumpoto kwa Nkhata Bay gombe limasintha nkhope. Mapiri amachita kugwera m'madzi, msewu wa galimoto wotsata gombe kulibe, ndipo midzi imayenderana pa boti, pa bwato, kapena pa kanjira ka wapansi kokwera ndi kutsika pakati pa matanthwe. Chigawo cha kanjirako chimene chikuyenera munthu woyamba kumene ndi chochokera ku Usisya kukafika ku Ruarwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 20.

Nambala imeneyo isakunamizeni. Makilomita 20 pa msewu wa Mzuzu kupita ku Ekwendeni munthu wamphamvu amawamaliza m'maola anayi. Kuno muwerengere maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, chifukwa njira siyenda mowongoka. Imatsikira pa kagombe ka mchenga pamene pali mudzi, kenako phiri limatulutsa mphuno yake m'nyanja, njira n'kukwera kuti ilambalale mphunoyo, n'kutsikiranso pa kagombe kena. Zimabwerezeka choncho tsiku lonse. Chimene chimatopetsa si kutalika ayi, koma kukwera ndi kutsika pa nthaka imene phazi lililonse muyenera kulisankhira poponda.

Chifukwa chake malo ano ali otere n'choyenera kuchidziwa, pakuti ndicho chimafotokoza zonse zimene mukaone. Nyanja ya Malawi ili mu chigwa chimene chinapangika pamene nthaka inang'ambika, mbali ina n'kumira pansi, ina n'kukwera. Pa dera la Usisya mng'alu waukuluwo uli mbali yathu ino ya kumadzulo. N'chifukwa chake mapiri ake ndi otsetsereka chotere, ndipo n'chifukwa chakenso malo akuya kwambiri a nyanja yonse, mamita pafupifupi 700, ali cha kumpoto kwa Nkhata Bay kuno, osati kutali kwenikweni ndi gombe. Pamwamba pa madzi pali pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, kutanthauza kuti pansi penipeni pa nyanja yathu m'potsika kuposa nyanja yamchereyo. Phiri limene mukuliona likutsetsereka pamwamba panu silithera pa madzi. Limapitirira kutsika chimodzimodzi pansi pa madziwo. Ndipo kung'ambikako sikunathe. Zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu Disembala 2009 zinachokera m'chigwa chomwechi.

Tsopano miyala yeniyeniyo. Ambiri akafika pa matanthwe oyamba amatulutsa foni, kujambula, n'kupitirira. Imani kaye, muike chikwama pansi, mugwire mwalawo ndi dzanja. Mwala wa kuno ndi wakale kwambiri, wa zaka mamiliyoni mazanamazana, ndipo unaphikidwa ndi kutentha ndi kupanikizika pansi pa nthaka usanatulukire kunja. Umboni wake uli pa nkhope pake. Muona mizere yoyera ndi yakuda yotsatana, pena yowongoka, pena yopindika ngati chitenje chofinyidwa pochapa. Akatswiri a miyala amautcha gneiss. Mwa apo ndi apo mudutsa mzere woyera mbee, waukulu ngati chala kapena ngati mkono, wodula mizere inayo mopingasa. Umenewo ndi mwala wolimba kuposa unzake, ndipo poti sutha msanga, umatsala utatukuka pang'ono pamwamba ngati msempha wa pa mkono. Dzuwa likawomba cham'mbali muonanso timabanga tonyezimira ngati mamba a usipa.

Nanga n'chiyani chinaiumba kukhala yobulungira, ina kukula ngati nyumba, ina itasanjikizana mochititsa mantha ngati wina anachita kuiika? Anthu ambiri amati ndi mafunde. Mafunde ali ndi gawo lake, koma ntchito yaikulu inachitika mwalawo ukadali m'nthaka. Thanthwe limakhala ndi ming'alu yodutsana imene imaligawa m'zidutswa zamakona ngati njerwa zikuluzikulu. Madzi a mvula amalowa m'ming'alumo n'kumawoletsa mwala pang'onopang'ono. Pa kona madzi amaluma mbali zitatu, m'mphepete mbali ziwiri, pa nkhope mbali imodzi yokha, ndiye makona ndi amene amayamba kutha. Chotsala pakati ndi chibulunga cholimba chokwiririka mu dothi lochokera ku mwala womwewo. Kenako mvula ndi mafunde zimakokolola dothilo, zibulungazo n'kutsala poyera, pena chimodzi pamwamba pa chinzake monga zinakhalira zili m'nthaka. Mukayang'anitsitsa ina muona ikusendeka zikhungu ngati anyezi. Chikhungu choterocho mukachigogoda ndi ndodo chimalira ngati chopanda kanthu m'kati. Musachiponde m'mphepete ndipo musachigwire pokwera, chimatha kuchoka chonse n'kubwera nanu.

Palinso timaenje tosalala tobulungira pamwamba pa matanthwe a m'mbali mwa madzi ndi m'mitsinje, tofanana ndi kamtondo. Mukapisa dzanja nthawi zambiri mupezamo mwala umodzi kapena iwiri yosalala. Imeneyo ndiyo misi yake: madzi akamazungulira m'dzenjemo amaizunguza, iyo n'kumapera. Kumtunda pang'ono, kumene mafunde safika, ntchito yophwanya ili m'manja mwa mitengo. Mbewu ya mkuyu kapena kachere imamera mu mng'alu wopanda ngakhale dothi lodzaza chikhato, mizu yake yoyera n'kutsika pa thanthwe ngati phula losungunuka, ina n'kulowa mkati. Pakapita zaka thanthwe lonse limagawika pawiri. Pa mitengo yotereyi ndi pamene nkhwazi imakonda kutera, ndipo matanthwe a m'madzi amene aoneka oyera pamwamba ngati opakidwa laimu ndi zitosi za mbalame zodya nsomba.

Kukongola konseko kuli apo, koma chimene chikufikitseni ku Ruarwe ndi miyendo yonse iwiri ndi kudziwa mtundu wa mwala umene mukupondapo. Thanthwe lililonse la m'mphepete mwa nyanja lili ndi zigawo zitatu. Pamwamba ndi potuwa, powuma, pokhakhala ngati tupa, ndipo nsapato imagwira bwino kwambiri. Pakati pali lamba wakuda kapena wofiirira, amene amasonyeza pamene madzi amafika nyanja ikadzaza. Pakawuma pamapondeka, koma pakangonyowa ndi funde limodzi pamasanduka sopo. M'munsi, pamene madzi amakhudza nthawi zonse, pali ndere zobiriwira, ndipo pamenepo palibe nsapato ya mtundu uliwonse imene ingagwire. Ndere zomwezo ndizo chakudya cha mbuna, tinsomba tamitundumitundu tija tobiriwira ngati thambo, tachikasu ndi tamizeremizere, timene mungatione mutagona chafufumimba pa thanthwe m'mawa madzi ali bata. Ndi munda wa mbuna umenewo, si njira ya munthu.

Lamba wakudayo amanenanso mbiri. Chaka chilichonse madzi a nyanja amakwera ndi kutsika pafupifupi mita imodzi. Amadzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, mvula itangotha, ndipo amatsika kwambiri cha mu Novembala ndi Disembala. Kuwonjezera apo pali kukwera ndi kutsika kwa zaka zambiri. Kuyambira 1915 mpaka 1935 nyanja inatsika mpaka mtsinje wa Shire unaleka kutulutsa madzi, mu 1980 inakwera kwambiri, ndipo mu 2024 inadzazanso mpaka kumiza magombe ndi nyumba m'malo ambiri. Choncho munthu akakuuzani kuti "mukafika apo mungodutsa pa mchenga m'munsi mwa thanthwe", mufunseni kuti anadutsapo mwezi uti, chaka chiti. Mchenga umene iye anapondapo mwina lero uli pansi pa madzi ofika m'chifuwa. Pamene njira yagawika, ina yotsata madzi ina yokwera phiri, ndipo simukudziwa, tengani yokwera. Ndi yotopetsa, koma ndi imene eni dera amadutsa chaka chonse.

Kuponda miyala kuli ndi malamulo ake ochepa, ndipo ovulala ambiri amakhala ataphwanya limodzi mwa iwo. Pondani pamsonga pa mwala, osati pa nthiti yake yopendekeka. Mwala wocheperapo pa thumba la chimanga uyeseni kaye ndi phazi musanauike thupi lonse, chifukwa ina inangokhala pa timiyala ndipo imagwedezeka. Musalumphe muli ndi chikwama kumsana. Inu mukaima chikwamacho chimapitirizabe ulendo, n'kukukankhirani kutsogolo. Pamalo potsika kwambiri tembenukani muyang'ane thanthwe ngati mukutsika pa makwerero, manja onse ali opanda kanthu, ndipo musunthe dzanja limodzi kapena phazi limodzi pa nthawi imodzi, zitatu zinazo zili zogwira. Botolo ndi foni zikhale m'chikwama pamenepo. Mipata ya pakati pa matanthwe, makamaka yokwiririka ndi masamba owuma, ndiyo imathyola akakolo: phazi limalowa n'kukanirira, thupi n'kupitirira.

Koma kunena zoona, malo amene anthu amagwa kawirikawiri si pa matanthwe akuluwo, poti pamenepo aliyense amachenjera. Ndi pa njira wamba yotsetsereka imene yakutidwa ndi timiyala tating'ono ngati mapira, totsala pamene mwala uja unawola. Timiyalati timagubuduka pansi pa nsapato. Mwendo wotopa wa masana ukaponda ndi chidendene, munthu amangozindikira wakhala pansi, dzanja limene anatchingira litathyoka pa mfundo. Potsika potere fupikitsani mapazi, pindani mawondo pang'ono, pondani ndi phazi lonse, ndipo ngati patsetsereka kwambiri tsikani cham'mbali. Apa ndi pamene ndodo imagwira ntchito. Ikhale yofika m'chigongono kapena kupitirira pang'ono, ndipo muziitsogoza kumunsi. Mukakhala gulu siyanani mamita anayi kapena asanu, ndipo amene wagubuduza mwala afuule kuti "Mwala!" nthawi yomweyo, osadikira kuona kumene ukulowera. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, tchire likapsa, miyala yambiri imene udzu unkaigwira imakhala yomasuka.

Za nsapato ndiyenera kunena mosapsatira. M'njiramo mukumana ndi amayi atasenza dengu la usipa kapena mtolo wa chinangwa, mwana ali kumbuyo, kuphazi kuli patapata, akuyenda mofulumira kuposa inu. Musatengere. Mapazi awo anakulira pa miyala imeneyi. Inu mufunika nsapato yotseka zala, ya mphira wofewa wokhala ndi mano pansi. Pogula pa kaunjika mu msika wa Mzuzu, ikandeni pansi ndi chikhadabo: mphira wabwino umalola chikhadabo kulowa pang'ono, pamene wouma ngati pulasitiki umaterereka ngakhale pa mwala wowuma. Ipindeninso muone ngati guluu wake sakutseguka, chifukwa kutentha kwa thanthwe ndi madzi zimamatula nsapato yakale tsiku limodzi. Kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale mpata wa chala chimodzi cha kumanja, apo ayi potsika zala zimagunda kutsogolo ndipo zikhadabo zimada n'kuchoka. Nsapatoyo muyende nayo sabata ziwiri musananyamuke. Tengani mapeyala atatu a masokosi, ndipo nthawi iliyonse mwadutsa pa mchenga kapena m'madzi khalani pansi, kutumulani, pukutani pakati pa zala. Mchenga wonyowa mu sokosi umatulutsa matuza pasanathe ola. Pamene payamba kutentha pa phazi matanipo pulasitala thuza lisanatuluke.

Msampha wina wa ife a ku Mzuzu ndi nyengo. Mzinda wathu uli pa mamita pafupifupi 1,250, ndipo munthu amanyamuka m'mawa wa Juni ali mu juzi, mpweya ukutuluka utsi m'kamwa. Kunyanja mwatsika mamita oposa 700, ndipo kutsika kokhako kumawonjezera kutentha ndi madigiri anayi kapena asanu. Onjezanipo thanthwe limene lamwa dzuwa kuyambira m'mawa ndi kunyezimira kwa madzi. Gombe lino linayang'ana kum'mawa, ndiye dzuwa likangotuluka kuseri kwa mapiri a ku Tanzania limakumenyani mwachindunji popanda chotchinga. Ubwino wake ndi wakuti madzulo mapiri a kumadzulo amaponya mthunzi msanga. Kuipa kwake, mdima nawo umagwa msanga, ndipo mu Juni dzuwa limakhala litalowa cha m'ma 5:30. Nyamukani kukangoyera, cha m'ma 5:30 m'mawa kapena 6 koloko, kuti pofika 11 koloko mukhale mutadya gawo lalikulu la njira. Pumani pa mthunzi dzuwa lili paliwombo, n'kumalizitsa chakumadzulo. Amene amanyamuka 9 koloko atamwa tiyi mwachifatse ndi amene amafika ndi tochi, ndipo kanjira aka si koyenda usiku.

Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Okutobala ndi Novembala kumatentha moti munthu wosazolowera akhoza kukomoka. M'dzinja mitsinje ing'onoing'ono yotsika m'mapiri imadzaza mwadzidzidzi ngakhale mvula itagwa kumtunda kokha, miyala imagwa, ndipo msewu wa fumbi wochokera ku Mzuzu kudzera ku Bula kutsikira ku Usisya umavuta kwambiri. Mu Meyi ndi Juni udzu umakhala utatalika ndipo chitedze chimakhala chitakhwima, choncho valani buluku lalitali lopepuka ndipo musagwire zomera zoyanga zokhala ndi nyemba zaubweya.

Miyezi yozizirayo ili ndi mwini wake, ndiye mwera. Mphepo imeneyi imachokera kummwera, ndipo poti nyanja ndi yotalika makilomita oposa 550 kuchokera kummwera kukafika kumpoto, mafunde amakhala ndi mtunda wautali wokulira asanafike kuno. Imatha kuwomba masiku angapo osaleka. Amene amaiyesa nthabwala akumbukire sitima ya Vipya imene inamira pa 30 Julayi 1946 kufupi ndi Chitimba, n'kupha anthu 145. Kwa woyenda pansi mwera umatanthauza zinthu ziwiri. Choyamba, thanthwe lililonse lonyowa likukuuzani kuti funde lafikapo posachedwa ndipo lifikaponso. Mafunde sabwera ofanana, angapo aang'ono amatsatidwa ndi akulu, choncho musanadutse malo oyandikira madzi imani mphindi khumi mukuyang'ana. Chimene chimagwetsa munthu si kumenya kwa funde kokha, koma kubwerera kwake, pamene madzi akukoka miyendo pa mwala woterera. Chachiwiri, boti limene mumadalira pobwerera likhoza kusanyamuka. Mwini boti akati lero sitipita, musamukakamize ndi ndalama. Ikani tsiku limodzi lapadera pa ulendo wanu ndi ndalama zake.

Madzi akumwa muwerengere theka la lita pa ola lililonse loyenda. Nyamukani ndi malita atatu, ndipo mudziwe kuti lita iliyonse ndi kilogalamu imodzi kumsana. Chikwama chonse chisapitirire makilogalamu 10. Nyanja ili pambali panu tsiku lonse, koma madzi a pafupi ndi mudzi, pamene anthu amachapa, kusamba ndi kutsuka nsomba, si akumwa osawasamala. Tungani pa mjigo kapena pa mpopi pamene ulipo, apo ayi thirani mankhwala a klorini monga mwa malangizo a pa botolo n'kudikira mphindi 30, kapena wiritsani mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu. Thukuta limachotsanso mchere m'thupi, n'chifukwa chake ena amamwa madzi ambiri koma minofu ya m'miyendo n'kumakokana. Tengani mapaketi angapo a Thanzi ORS. Akasowa, mu lita imodzi ya madzi abwino sungunulani masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, osasefukira. Mnzanu akayamba mutu, chizungulire ndi mseru, muikeni pa mthunzi, mum'masule zovala, mum'thire madzi ndi kum'mwetsa pang'onopang'ono. Akayamba kulankhula zosokonekera kapena kudzandira, ulendo wathera pomwepo, funani boti lopita naye kuchipatala.

Kamba wa m'njira akhale wosawonongeka ndi kutentha: mtedza wokazinga, mbatata kapena chinangwa chophika, nthochi, mazira owiritsa a tsiku lomwelo. M'midzi muli timagolosale koma musadalire kupeza chilichonse. Ndalama zikhale za m'manja, zing'onozing'ono, zokulunga mu pulasitiki, chifukwa netiweki imabwera ndi kupita malinga ndi phiri limene mwaima kuseri kwake, ndipo Airtel Money kapena Mpamba sizingakuthandizeni pamene foni yangoti zii. Chitenje chimodzi musachisiye, kaya ndinu bambo kaya mayi. Ndi mthunzi, ndi chopukutira, ndi choyala, ndipo chimamanga mkono wothyoka.

Kusamba m'njira n'kovuta kukana, ndipo sindikuletsani, koma madzi oyera a kuno amanamiza maso. Pansi pamaoneka pafupi kuposa mmene palili: pamene diso likuti mita imodzi ndi theka, pamakhala pafupifupi mamita awiri. Ndipo poti phiri lija limapitirira kutsika pansi pa madzi, sitepe imodzi kuchoka pa thanthwe ikhoza kukuchotsani pa madzi a m'chiuno n'kukuikani pamene phazi silifika. Wosadziwa kusambira asambe pa mchenga, osati pa matanthwe. Ku Ruarwe muona anyamata akudumphira m'madzi kuchokera pa matanthwe aatali. Iwo amadziwa mwala uliwonse uli pansipo ndi mmene madzi alili mwezi umenewo. Musanadumphe paliponse, lowani kaye m'madzimo mufufuze pansi, muonenso potulukira, pakuti thanthwe losavuta kudumphapo nthawi zambiri limakhala losatheka kukwerapo ndi ndere zija. Osadumpha chamutu. Pa mathiriro a mitsinje ndi pa mabango, makamaka m'bandakucha ndi chisisira, ndi malo a ng'ona. Funsani eni mudzi musanalowe.

Pa njoka, mphiri ndiyo yoopsa kwa woyenda chifukwa sithawa, imangogona pa njira kuwothera dzuwa. Musapise dzanja mu mng'alu umene simukuona mkati, ndipo pa chipika kapena mwala wotchinga njira kwerani pamwamba muone kuseri musanatsike. Munthu akalumidwa musacheke, musayamwe, musamange chingwe cholimba. Muvuleni mphete ndi nsapato, mwendowo muumangirire ku ndodo kuti usagwedezeke, mum'nyamule kupita naye ku boti.

Njira iyi si ya m'nkhalango yopanda anthu. Imadutsa m'mabwalo a nyumba za anthu, m'minda ya chinangwa, pambali pa matandala oyanikapo usipa ndi pa makoka oyalidwa pa mchenga. Khoka musalilumphe kapena kuliponda, lizungulireni. Moni ndiye chiphaso chanu. Kuno mumva Chitonga ndi Chitumbuka, ndipo "Timoneni" kapena "Monire" wonenedwa mutaima, osati mukuyenda, amatsegula zambiri, ngakhale kuti Chichewa amachimva. Magombe ambiri ali ndi malo osambira amayi ndi ena a abambo, ndipo njira imatha kutulukira pomwepo mwadzidzidzi kuseri kwa thanthwe. Mukamva madzi akukhuvuka ndi mawu a anthu, imani mufuule "Odi!" n'kudikira yankho. Kankhalango kowirira kotsala pakati pa minda nthawi zambiri ndi manda, musalowemo kukafuna mthunzi kapena kukadzithandiza. Munthu musamujambule musanapemphe. Ngati mugona m'mudzi osati pa malo ogona alendo, kaonekereni kwa a mfumu dzuwa lisanalowe, munene kumene mwachokera ndi kumene mukupita.

Wotsogolera njira ndimalangiza kuti mumutenge, ngakhale ena amati kanjirako n'kosasokoneza poti nyanja imakhala kudzanja lamanja nthawi zonse mukamapita kumpoto. N'zoona kuti simungasochere kutali. Koma tinjira ta ku minda ndi ta ku madooko n'tambiri, ndipo kulakwitsa kamodzi ndi kutsika mamita ambirimbiri n'kukapeza thanthwe lotsekereza, kenako kukweranso dzuwa lili pamutu. Munthu wa komweko amadziwanso mtsinje umene uli ndi madzi mwezi uno ndi mwini boti amene angakunyamuleni zikavuta. Mufunseni kudzera kwa a mfumu kapena pamalo pamene mwagona, mugwirizane mtengo musananyamuke, ndipo muwerengeremo chakudya chake ndi ulendo wake wobwerera.

Kafikidwe kake kali pawiri. Pali galimoto za matola zotsika msewu wa Usisya kuchokera ku Mzuzu, zimene zimanyamuka zikadzaza ndipo zimadalira mmene msewu ulili. Palinso njira ya pamadzi kuchokera ku Nkhata Bay, pa maboti a anthu kapena pa Ilala, sitima imene inapangidwa ku Scotland, n'kudzalumikizidwa kuno, ndipo yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951. Ulendo wake ndi wa kamodzi pa sabata mbali iliyonse, ndipo tsiku ndi ola mukafunse pa dooko sabata yomweyo. Ku Usisya ndi ku Ruarwe sitimayi imaima patali, anthu n'kutsikira m'maboti ang'onoang'ono, ndipo mapeto ake mumatsikira m'madzi ofika m'mawondo kapena kupitirira, pena usiku. Nsapato zikhale zomangirira pa chikwama, foni ndi ndalama mu mapulasitiki awiri. Ku Ruarwe kulibe msewu wa galimoto, ndiye ganizirani za kabwereredwe musanapite, osati mutafika.

Mukabwerako ulendo sunathe m'thupi. Kunyanja kuli malungo ambiri kuposa ku Mzuzu, choncho gonani mu neti usiku uliwonse, ndipo thupi likatentha patapita sabata imodzi kapena ziwiri kayezetseni tsiku lomwelo, muwauze achipatala kumene munali. Likodzo nalo limalowera pakhungu, makamaka m'madzi odekha a pafupi ndi midzi ndi mabango kumene nkhono zimakhala. Cholakwika chofala ndi kumwa mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel tsiku lomwe mwafika kunyumba. Mankhwalawa amapha nyongolotsi za likodzo zokhwima, ndipo izo zimatenga sabata zisanu ndi imodzi mpaka zisanu ndi zitatu kuti zikule. Dikirani nthawi imeneyo, mupite kuchipatala, akupimeni pa sikelo, poti mlingo wake umatsata kulemera kwa thupi, ndipo mumwe mutadya.

Amene miyendo yawalola akhoza kupitirira kumpoto kuchokera ku Ruarwe masiku ena awiri, kudzera ku Tcharo kukafika ku Mlowe, kumene mtsinje wa South Rukuru umathira m'nyanja, n'kutulukira pa msewu wa M1 ku Chiweta. Chigawo chimenechi chili ndi mphotho yake kwa munthu amene wazolowera kuyang'ana miyala, pakuti chakumapeto kwake mwala umasintha. Zibulunga zamizeremizere zija zimachepa, ndipo kutsogolo kumaoneka phiri la Chombe, lathyathyathya pamwamba ngati tebulo, nthiti zake zoongoka ngati khoma. Limenelo ndi mwala wa mchenga woyalana m'magawo, wocheperapo msinkhu poyerekeza ndi wa ku Usisya, ndipo m'magawo a mtundu womwewo ndi mmene muli malasha amene amakumbidwa ku Mchenga. Pouponda ndi wokhakhala bwino, koma m'mphepete umanyenyeka, ndipo chigawo chooneka ngati shelefu yabwino yogwira chimatha kuthyoka m'manja. Kuseri kwake kumtunda ndi ku Khondowe, kumene Robert Laws anakhazikitsa mishoni ya Livingstonia mu 1894.

Pa Chiweta yesetsani kufika dzuwa likadali m'mwamba kuti mupeze minibasi yochokera ku Karonga. Ikangoyamba kukwera zikhotakhota za Chiweta kulowera ku Phwezi, Bwengu ndi Ekwendeni, thukuta la m'malaya limayamba kuzizira, ndipo mukatsika pa depoti ku Mzuzu usiku wa Julayi mudzanjenjemera. Juzi imene inkaoneka ngati katundu wopanda ntchito masiku onse aja ikhale pansi pa chikwama, yokulunga mu pulasitiki yakeyake, yowuma.